Mjigo wamchere, botolo la madzi ndi wophunzira amene walinyamula

Kuchigwa cha Shire kuno mukhoza kupeza mjigo wabwinobwino wa Afridev, simenti yake yosang'aluka, madzi akutuluka mosavuta, koma amayi akuulambalala ndi zidebe pamutu. Ena akupita kukafukula kachitsime mumchenga wa mtsinje wa Mwanza, ena akutsikira ku Shire kumene kuli ng'ona. Mukafunsa chifukwa, yankho limakhala lalifupi: madzi ake ndi amchere. Sopo sachita thovu, nyemba zimachedwa kupsa, tiyi sakoma, ndipo ukamwa ludzu silitha.

Nkhani imeneyi ndi ya sayansi kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo sukulu za ukachenjede sizili kutali. MUST ili pamwamba pomwepa ku Thyolo, MUBAS ndi KUHeS zili ku Blantyre, UNIMA ku Zomba, ndipo a LUANAR amatsika kawirikawiri pa nkhani za ulimi. Chaka ndi chaka ophunzira a chaka chomaliza amatsetsereka msewu wa M1 kufika pa Thabwa, kuwoloka mlatho wa Kamuzu, atanyamula mabotolo ndi mapepala a mafunso. M'mabuku a nthambi ya sayansi ntchito zimalembedwa zitatu, kafukufuku, kufikira anthu, ndi kuthandiza ophunzira, iliyonse ndi komiti yake. Pa mjigo pa Ngabu kapena pa Tengani ntchito zitatuzi sizisiyanitsika. Wophunzira amene sanadye kapena sanaphunzitsidwe bwino amatunga madzi molakwika, madzi otungidwa molakwika amabala manambala abodza, ndipo manambala abodza akabwerera kumudzi amachotsa anthu pa madzi abwino kapena kuwasiya pa madzi oipa.

Mcherewo uchokera kuti? Chigwa cha Shire ndi pansi pa chigwa chachikulu chong'ambika chimene Nyanja ya Malawi nayonso inakhalamo, ndipo malo otsika kwambiri m'dziko muno ali ku Nsanje, kumene Shire amalowera ku Mozambique, mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yaikulu. Pansi pamenepa panadzala dothi losalala lokokoloka kumapiri. M'dothi lotere madzi apansi amayenda pang'onopang'ono kwambiri, nthawi yonseyo akusungunula mchere wa m'nthaka. Mvula ndi yochepa, dzuwa ndi lambiri, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, choncho pamene madzi ali pafupi ndi pamwamba amauma n'kusiya mchere. M'malo ena madzi amchere amakwera kuchokera m'miyala yakale yapansi kudzera m'ming'alu. N'chifukwa chake mijigo iwiri yotalikirana pang'ono ikhoza kusiyana kotheratu, wina wokoma wina wosamweka. Anthu akuno akhala akuudziwa mchere umenewu kuyambira kale, popeza m'madera ena ankautcheza m'dothi n'kuuphika. Chimene alibe ndi mapu osonyeza kuti ukakumba pano, mozama chonchi, upeza madzi otani. Mapu amenewo nthambi ya sayansi ikhoza kuwapanga, koma pokhapokha botolo lililonse litatungidwa moyenera.

Musanakwere galimoto

Kafukufuku amene akukhudza anthu, ngakhale kungowafunsa kuti amamwa madzi a kuti, ayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa anthu pa kafukufuku. Makomitiwa amagwira ntchito pansi pa National Commission for Science and Technology, ndipo chilolezo sichituluka tsiku limodzi, ndiye wophunzira achipemphe semesita yoyamba, osati sabata yoti anyamuke. Kenako kalata ipite kwa bwanamkubwa wa boma la Chikwawa kapena Nsanje, ndiponso ku ofesi ya zamadzi ndi ya zaumoyo. Ku ofesi ya zamadzi n'kumene mungapeze zolemba za okumba mijigo, kuya kwake ndi chaka chimene unakumbidwa. Popanda kuya kwa mjigo, nambala ya mchere imanena theka la nkhani. Kuchokera apo muonane ndi a T/A, a gulupu, anyakwawa, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, ndi komiti ya mjigo. Wofika pa mjigo mosalonjera, n'kuyamba kuthira timadontho m'mabotolo anthu akuona, asadabwe mawa akamva mphekesera yoti alendo athira mankhwala m'madzi. Mantha otere si umbuli. Munthu aliyense angadandaule kuona wachilendo akugwiragwira pamene ana ake amamwa.

Mafunso amasuliridwe mu Chisena ndi Chimang'anja malinga ndi dera, ndipo munthu wina amene sanaone Chingerezi chake awabwezere ku Chingerezi kuti muone ngati tanthauzo silinasochere.

Pa mjigo

Apa ndi pamene kafukufuku amapulumukira kapena kufera, choncho tichedwepo.

Chida choyamba ndi mita ya EC, yosonyeza kuchuluka kwa mchere m'madzi. Madzi amchere amadutsitsa magetsi mosavuta kuposa madzi okoma, ndiye mita imayeza zimenezo n'kupereka nambala mu µS/cm. M'mawa uliwonse mitayo iyesedwe ndi madzi ogula odziwika kale mphamvu yake, a 1,413 µS/cm. Kuchigwa kuno tengani ndi achiwiri a 12,880 µS/cm, chifukwa mita yoyesedwa pa nambala yaing'ono yokha imasochera ikakumana ndi mjigo wamchere kwambiri. Onetsetsani kuti mita ikubweza nambala ku madigiri 25. EC imakwera pafupifupi magawo 2 pa 100 pa digiri iliyonse, kotero madzi otuluka pansi ali pa madigiri 30 amaoneka amchere ndi magawo 10 pa 100 kuposa mmene alili ngati mita sikukonza zimenezi. Mita ya pH, yoyeza asidi m'madzi, iyesedwe ndi ma buffer, madzi ogula odziwika kale pH yake, a 4, 7 ndi 10. Kansonga kake kagalasi kasaume ndipo kasasungidwe m'madzi a distilled (ochotsedwa mchere wonse), kasungidwe m'madzi ake a potassium chloride. Ma buffer osiyidwa m'galimoto yotsekedwa masana a pa Nchalo musawakhulupirirenso. Ndipo musaviike mita m'botolo lalikulu la buffer: thirani pang'ono m'kakapu, mukatha mutaye.

Madzi oyamba kutuluka si amene tikuwafuna, chifukwa agona m'mapaipi. Mjigo umene anthu akhala akutungapo kuyambira m'bandakucha umangofuna kupopa mphindi zochepa mpaka EC, pH ndi kutentha zitasiya kusinthasintha pa kuwerenga katatu motsatizana. Koma mijigo yamchere, imene ili mutu wa kafukufukuyu, nthawi zambiri ndi yosiyidwa, ndiye iyenera kutulutsidwa madzi okwana katatu amene aima m'chitsimemo. Tiwerengere. Paipi ya mamilimita 100 m'kati mwake imasunga pafupifupi malita 8 pa mita iliyonse. Ngati madzi aima mamita 30, ndi malita 240, katatu ndi malita 720, zidebe 36 za malita 20. Pa Afridev zimenezi ndi mphindi zoposa 40 za kupopa osapuma. Wophunzira amene ali yekha, dzuwa lili pamutu, kabaza akumudikira, amapopa mphindi 5 n'kutunga. Si ulesi ayi, ndi mapulani oipa a amene anamutuma. Ophunzira apite awiriawiri, ndipo pa bajeti pakhale kangachepe ka anyamata a m'mudzimo othandiza kupopa.

Pa mjigo umodzi pamafunika mabotolo atatu, lililonse ndi ntchito yake. Loyamba ndi lapulasitiki, la chloride, sulphate, nitrate ndi fluoride. Litsukuluzidwe katatu ndi madzi a mjigowo, lidzazidwe mpaka pakamwa kuti musatsale mpweya, ndipo musathiridwe kanthu. Fluoride sasungidwa m'galasi. Lachiwiri ndi la sodium, calcium, magnesium, iron ndi zina zotero. Madzi ake adutse pa sefa ya 0.45 µm, kenako muthiremo timadontho ta nitric acid mpaka pH itatsika pansi pa 2, apo ayi iron amasanduka dzimbiri n'kukhazikika pansi musanafike ku labotale. Botolo limeneli likhale ndi chizindikiro chofiira chooneka patali. Cholakwa chimene chimabwera chaka ndi chaka n'choyeza nitrate m'botolo lothiridwa nitric acid, wophunzira n'kulemba kuti mudzi wonse ukumwa poizoni, pamene nitrate ameneyo anathiramo yekha. Alkalinity, mphamvu ya madzi yochepetsa asidi, ndi bwino kuiyeza pomwepo kapena tsiku lomwelo, chifukwa madzi akatuluka pansi amataya mpweya wa carbon dioxide ndipo nambala imasuntha.

Botolo lachitatu ndi la tizilombo, ndipo malamulo ake ndi osiyana ndi enawo. Limabwera lophedwa kale tizilombo, choncho silitsukuluzidwa, silitsekulidwa mpaka nthawi yotunga, chala sichikhudza m'kati mwa chotsekera, ndipo silidzazidwa kuti mutsale malo okhutchumulira. Ngati mjigo wathiridwa klorini posachedwa, m'botolomo mukhale sodium thiosulphate, apo ayi klorini apitiriza kupha tizilombo m'njira ndipo madzi aoneka oyera kuposa mmene alili. Pukutani kukamwa kwa mjigo ndi spirit musanatunge ngati funso lanu ndi la madzi apansi. Koma ngati funso ndi loti anthu akumwa chiyani, tungani ndi m'mitsuko kapena m'zidebe za m'nyumba zingapo, pogwiritsa ntchito kapu imene banjalo limatungira. Kawirikawiri madzi amachoka pa mjigo ali bwino n'kukaipira kunyumba, chifukwa cha masamba oika pamwamba pa chidebe kuti madzi asatayike, zala, ndi kapu yogona pansi.

Tizilombo sitidikira. Madzi amenewa ayenera kukhala m'cooler box ya ayisi ndi kuyezedwa pasanathe maola 6 ngati n'kotheka, ndipo akapitirira maola 24 ndi ongotaya. Munthu amene watunga ku Marka 8 koloko m'mawa, n'kuzungulira mijigo ina, n'kudikira minibasi pa Nsanje boma, sangafike ku labotale ya ku Blantyre kapena ku Zomba nthawi ikadalipo. Ku East Bank, ku Makhuwira, Muona ndi Makhanga, mvula ikagwa n'kovutirapo. Njira yabwino ndi kunyamula labotale yaing'ono ya m'bokosi, ya incubator yoyendera batire ya 12V, n'kugwirira ntchito pamene mwagona. Sefani mamililita 100, ikani sefayo pa chakudya cha tizilombo, ndipo ikhale pa madigiri 44 kwa maola 18 mpaka 24. Batire ikhale yodzaza musanayambe, chifukwa kutentha kukatsika pakati pa usiku pamamera tizilombo tina tosafunika ndipo kuwerenga kwanu kulibenso tanthauzo. Madzi amatope a pambuyo pa kusefukira sefani mamililita 10 kapena 1, kenako muchulukitse, chifukwa 100 amatseka sefa ndipo timadontho timamera mothithikana osawerengeka.

Pa mijigo 10 iliyonse tungani umodzi kawiri, m'mabotolo a manambala osiyana amene wa ku labotale sangadziwe kuti ndi amodzi. Tsiku lililonse nyamulaninso botolo la madzi a distilled, mulitsekule pa mjigo, muwasefe ndi kuwathira asidi ngati enawo. Likakapezeka ndi mchere, vuto lili m'zida kapena m'manja mwanu. Lembani pa botolo lenileni, osati pa chotsekera, ndi cholembera chosafufutika, n'kumatapo selotepu, chifukwa ayisi akasungunuka mapepala amayandama ndipo mabotolo 20 amasanduka opanda mayina. M'buku lembani GPS, tsiku, nthawi, kuya, mtunda wa chimbudzi kapena khola lapafupi, ngati simenti yang'aluka, ndi zimene komiti ya mjigo yanena pa kakomedwe ka madziwo m'nyengo zosiyana. Chimbudzi chisakhale pafupi kuposa mamita 30. Zolemba za mu foni zokha sizikwanira, foni imatentha n'kuzima.

Ulendo umodzi si kafukufuku wa madzi a kuchigwa. Pafunika awiri pa mijigo yomweyo, wina kumapeto kwa chilimwe ndi wina mvula ikamatha, cha mu Malichi kapena Epulo. Ndipo amene anaona madzi osefukira a mu Januwale 2015, a namondwe Idai mu 2019, a namondwe Ana mu 2022 amene anaononga damu la Kapichira, ndi a Freddy mu 2023 akudziwa kuti mjigo ukhoza kumira wonse pamodzi ndi zimbudzi zoyandikana nawo. Madzi saiwala khwawa. Nthambi imene ili ndi manambala a mijigo imeneyi a nthawi ya mtendere ndi imene ingathe kuuza a zaumoyo, madzi akaphwa, kuti ndi iti yasintha ndipo iyambe kuthiridwa klorini.

Ku labotale tingonena zinayi. Madzi amchere kwambiri amafuna kusungunulidwa, mwina kakhumi, asanalowe mu flame photometer, makina oyezera sodium ndi potassium, ndipo amene waiwala kuchulukitsa ndi 10 pomaliza amalemba kuti mjigo wosamweka ndi wabwino. Fluoride m'madzi otere ayezedwe ndi electrode ndi TISAB, mankhwala othira m'madziwo kuti electrode iwerenge molondola, popeza njira yoona mtundu ya SPADNS imasokonezedwa ndi chloride ndi sulphate wochuluka. Ndipo wophunzira asanajambule graph iliyonse awonkhetse ma cation (monga sodium ndi calcium) paokha ndi ma anion (monga chloride ndi sulphate) paokha mu meq/L. Akasiyana kupitirira magawo 5 pa 100, penapake palakwika, abwerere ku botolo. Samalaninso ndi nitrate: malire a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, ndi mamiligalamu 50 pa lita akawerengedwa ngati nitrate, koma ndi 11 okha makina akamapereka ngati nitrogen.

Kubweza zotsatira

Anthu a kuchigwa afunsidwa mafunso ambiri m'zaka zapitazi, a malungo, a njala, a kusefukira kwa madzi, ndipo ambiri mwa ofunsawo sanabwererenso. Ife tikuona kuti wophunzira asapatsidwe malikisi onse a polojekiti yake zotsatira zisanafike kwa eni mjigo, ndipo ndalama ya ulendo wobwererawo ichotsedwe pambali tsiku limene bajeti ikulembedwa, chifukwa ikasiyidwa kumapeto imapezeka yatha.

Buku la masamba 80 la Chingerezi si zotsatira kwa komiti ya mjigo. Chofunika ndi pepala limodzi pa mjigo uliwonse, m'chiyankhulo cha pamalopo, loyankha mafunso anayi amene anthu amafunsa: timwe, tiphikire, timwetse ziweto, tithirire? Kope lipite kwa komiti, kwa mlangizi wa zaumoyo, ndi ku ofesi ya zamadzi.

Pa kumwa, kuti mupeze mchere wonse m'mamiligalamu pa lita chulukitsani EC ndi pafupifupi 0.65. Pansi pa 600 madzi amakoma, akapitirira 1,000 anthu ambiri amayamba kuwakana. Fluoride malire a WHO ndi mamiligalamu 1.5 pa lita, ndipo akachuluka amadetsa mano a ana amene akukula, pamlingo waukulu kwa zaka zambiri amaononga ndi mafupa. E. coli, kachilombo kosonyeza kuti m'madzi mwalowa chimbudzi, asapezeke ngakhale mmodzi m'mamililita 100. Nenani momveka kuti kuwiritsa kumapha tizilombo koma sikuchotsa mchere kapena fluoride, kumangowonjezera popeza madzi ena auluka ngati nthunzi. Klorini nayenso sachotsa mchere. Ambiri sadziwa zimenezi, ndipo nkhuni kuchigwa si zotola pakhomo.

Chimene timachiopa kwambiri ndi wophunzira wachangu amene amaimirira pabwalo n'kunena kuti mjigo uwu utsekedwe. Atsekere kuti apite kuti? Madzi a mchere pang'ono opanda tizilombo ndi abwino kwa mwana kuposa madzi okoma a m'thamanda, amene amabweretsa kolera, kutsekula m'mimba ndi likodzo. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 sunaiwalike ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Kutseka mjigo ndi udindo wa boma, osati wa wophunzira, ndipo uphungu uliwonse ubwere ndi njira ina. Mwina mjigo wamchere ukhale wochapira ndi kumwetsa ng'ombe, wokomawo usungidwire kumwa kuti pamzere pachepe. Ng'ombe ndi mbuzi zimapirira madzi ofika 5,000 µS/cm bwinobwino, ngakhale zosazolowera zimayamba zatsekula m'mimba, koma kupitirira apo nkhuku musamwetse. Mwina ndi kukolola madzi a mvula. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi pa sikweya mita. Denga lamalata la masikweya mita 50, chaka cha mvula tinene ya mamilimita 700, limagwira malita 35,000, ndipo kuchotsapo otayika mutsala ndi pafupifupi 28,000. Banja la anthu 5 lomwa ndi kuphikira malita 25 pa tsiku limafuna malita 5,250 pa miyezi 7 ya chilimwe. Masamu akuonetsa kuti mvula ikukwana, chovuta ndi mtengo wa thanki, ndipo limenelo ndi funso labwino la polojekiti ya wophunzira wa uinjiniya.

Pamene anthu akumwa madzi a mumtsinje, phunzitsani klorini ndi manja, osati ndi pakamwa. Magalamu 15 a klorini waufa wa HTH wa 70 peresenti mu lita imodzi amapanga msuzi wa 1 peresenti. Ikani zidebe zinayi za madzi omwewo, thirani milingo yosiyana, dikirani mphindi 30, yezani, n'kusankha chidebe chimene chatsala ndi mamiligalamu 0.5 pa lita. Madzi amatope ayambe akhazikika ndi kusefedwa pa nsalu, chifukwa matope amadya klorini ndi kubisa tizilombo.

Alimi a m'madimba ndi a m'masikimu monga Nkhate ndi Muona, komanso amene akudikira ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira, funso lawo ndi la nthaka. Malinga ndi malangizo a FAO, bungwe la zaulimi padziko lonse, madzi othirira osafika 700 µS/cm alibe vuto, pakati pa 700 ndi 3,000 amafuna kusamala, kupitirira apo ndi oopsa. Mbewu zimasiyana kupirira mchere wa m'nthaka: nyemba zimayamba kutsika zokolola pa 1.0 dS/m (1 dS/m ndi 1,000 µS/cm), chimanga ndi nzimbe pa 1.7, mpunga pa 3.0, mapira pa 6.8, thonje pa 7.7. Makolo amene ankadalira mapira ndi thonje sanalakwitse. Pa dothi la makande, limene limang'aluka m'chilimwe n'kumata mvula ikagwa, madzi salowa msanga, ndiye kuthirira popanda ngalande zotulutsira madzi kumakweza mchere mpaka pamwamba pa nthaka pamayera ngati pathiridwa ufa. Pa nkhani imeneyi nthambi igwirizane ndi a kafukufuku wa zaulimi a ku Kasinthula ndi alangizi a Shire Valley ADD ku Ngabu, m'malo moyamba zonse payokha.

Ku sukulu za sekondale ulendo wa tsiku limodzi wokaonetsa zodabwitsa sutisangalatsa kwenikweni. Ana amaomba m'manja, galimoto imapita, mphunzitsi amatsala ndi choko. Chothandiza ndi chimene mphunzitsi wa ku CDSS yopanda labotale angabwereze yekha sabata yamawa. Wiritsani chidede, msuzi wake wofiirawo ndi indicator, chinthu chosintha mtundu chikakumana ndi asidi kapena alkali: m'madzi a mandimu, a bwemba kapena a malambe umafiira kwambiri, mu chidulo kapena soda umatembenukira ku mtundu wobiriwira. Mwana amene amaona amayi ake akutcheza chidulo cha therere amamva za asidi ndi alkali tsiku lomwelo. Umitsani lita imodzi ya madzi a mjigo wa pasukulu m'poto woyera, ndi lita ina ya madzi a mvula, ana ayerekeze zotsala. Madzi a mamiligalamu 2,000 pa lita amasiya magalamu 2, ooneka ndi maso. Siyani choyezera mvula, chiimikidwe poyera kutali ndi mitengo ndi madenga, chiwerengedwe nthawi yomweyomweyo m'mawa uliwonse, ndipo manambalawo nthambi iziwatenga n'kuwagwiritsa ntchito, ana adziwe kuti buku lawo likuwerengedwa ndi anthu a ku yunivesite. Paulendo womwewo wina akhale pansi ndi a Fomu 2 ndi 3 n'kuwauza maphunziro amene ayenera kugwiritsitsa pa MSCE kuti adzaloledwe kuchita sayansi. Pofika Fomu 4 ambiri amakhala atasiya kale Physics kapena Chemistry osadziwa kuti atseka khomo.

Wophunzirayo

Mwana wochokera ku CDSS ya kwa Chapananga kapena kwa Ndamera akafika chaka choyamba amakhala benchi limodzi ndi anzake amene akhala akugwira burette, chubu chagalasi choyezera madzi mu labotale, kuyambira Fomu 3. Iye mwina anangoiona pa chithunzi. Nzeru ali nazo, umboni wake ndi woti wafika pamenepo, koma amaopa kuswa galasi loti alipire, ndiye amasiyira mnzake kuchita titration iye n'kumalemba. Semesita ikamatha manja ake sanaphunzire kanthu. Mankhwala ake si ovuta: masabata awiri oyambirira, m'magulu osapitirira anthu 4, aliyense agwire pipette, awerenge meniscus, ayeze pa sikelo, ndipo technician asaine kuti wachitadi ndi manja ake. Galasi losweka pophunzira likhale pa bajeti ya nthambi. Mayeso aang'ono a masamu abwere sabata yachitatu kapena yachinayi, osati kuti alowe m'malikisi, koma kuti amene akuvutika adziwike nthawi ikadalipo n'kupatsidwa wa chaka chachitatu woti azikumana naye sabata iliyonse. Wothandizayo alipidwe, ngakhale pang'ono, chifukwa ntchito yodzipereka imatha mayeso akayandikira.

Ngongole ya Higher Education Students' Loans and Grants Board, imene inakhazikitsidwa mu 2015, imafuna mafomu ndi zikalata zotsimikizira, ndipo mwana amene kwawo intaneti ndi yovuta amaphonya tsiku lomaliza mosavuta. Nthambi ikhale ndi munthu mmodzi wodziwika dzina ndi chitseko chake, wokumbutsa masiku amenewa ndi kuona mafomu asanatumizidwe. Munthu yemweyo azidziwa kuti ndani kwawo ndi kuchigwa. Madzi amasefukira pakati pa Januwale ndi Malichi, nthawi zambiri sukulu ili m'kati, ndipo wophunzira amene makolo ake ali pa kampu sangamve za thermodynamics, komanso kandalama kochokera kumudzi kamaima tsiku lomwelo. Lamulo loti wotere akhoza kuchedwetsa assignment kapena mayeso likhale lolembedwa, lisadalire mtima wa mphunzitsi. Wophunzira wakhama akayamba kujomba, funso loyamba likhale loti wadya kapena ayi, ndipo akugona kuti.

Pa ulendo wa kumudzi, ndalama ya upkeep si yogulira mabotolo, ayisi ndi mafuta a njinga yamoto. Ngati nthambi ilibe ndalama ya mapolojekiti 10 osiyana, iphatikize ophunzira 5 pa mijigo yomweyo, wina mchere, wina tizilombo, wina nthaka, wina mafunso a m'makomo, wina mapu, galimoto imodzi ndi cooler box imodzi. Chaka chamawa gulu lina libwerere pa mijigo yomweyo. Ntchito iyambe 6 koloko m'mawa, iime dzuwa likafika pamutu, ipitirire madzulo. Aliyense akhale ndi madzi akumwa okwanira tsiku lonse, mapaketi a Thanzi, chipewa, ndi neti ya udzudzu. Asalowe m'madzi a Shire kapena a ku Elephant Marsh kukatunga, pali ng'ona, mvuu ndi likodzo, amangirire botolo ku ndodo. Wowoloka pa bwato pa Mtayamoyo kupita ku Makhanga avale jekete loyandamitsa, ndipo madzi akakhala okwera ulendowo uimitsidwe ndi mphunzitsi, asasiyire wophunzira kusankha pakati pa moyo wake ndi digiri. Atsikana asatumizidwe okha kapena kukagona kumalo kumene nthambi sinakuone, ndipo akhale ndi nambala ya munthu wina, osati wowayang'anira yekha, woti amuuze wina akawavutitsa.

Wophunzira wa Chisena amene wakhala akumasulira gulu lonse, kulonjera mafumu ndi kupeza njira yolowera m'midzi wagwira ntchito ya kafukufuku, ndipo dzina lake lilembedwe pa pepala limene lidzasindikizidwe, pamodzi ndi la technician amene anayendetsa makina. Manambala onse, ndi GPS yake, asathere mu laputopu ya munthu mmodzi amene amaliza sukulu mu miyezi itatu. Asungidwe pa nthambi m'fayilo imodzi ya kalembedwe kamodzi, kope lina ku ofesi ya zamadzi ya boma, kuti bungwe likabwera ndi makina okumbira mjigo watsopano kwa Ngabu kapena kwa Mbenje, wina athe kutsekula fayiloyo n'kunena kuti mbali iyi mijigo itatu inatuluka yamchere pa kuya kwakuti, yesani cha kufupi ndi khwawa kumene madzi a mvula amalowa pansi, ndipo muyeze EC muli m'kati mokumba, musanamange simenti.